Akuti kompyuta zikutha: kodi ndimugulirebe laputopu mwana wanga?

Funso: Mwana wanga wamkazi walemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira zotsatira. Wakakamira zoti akufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndiye akundipempha laputopu. Ndasonkhanitsa kandalama kuchokera ku geni yanga, koma alongo anga, amalume ake a mwanayu, akuti ndikungotaya ndalama. Akuti kompyuta zikutha, zonse zili pa foni, ndipo ngakhale mapulogalamuwo masiku ano akulembedwa ndi makina okha. Kodi akunena zoona? Ngati ayi, ndigule yotani, ndipo mwanayu ayambire pati? (Mayi wa ku Kasungu)

Yankho: Mayi, mugulireni. Koma isakhale yatsopano, ndipo musagule sabata ino. Amalume ake sananame kotheratu, n'chifukwa chake yankho langa litalikirapo, mundipirire.

Tiyambe ndi pomwe iwo alondola. Chaka chomwe dziko lapansi linagula makompyuta ochuluka kuposa china chilichonse ndi 2011, pomwe anagulidwa pafupifupi 365 miliyoni, kuphatikiza a patebulo ndi malaputopu. Kuchokera pamenepo malonda anatsika chaka ndi chaka mpaka kufika cha m'ma 260 miliyoni mu 2018. Anadzakweranso nthawi ya Covid, anthu atayamba kugwirira ntchito ndi kuphunzirira kunyumba, kufika cha m'ma 340 miliyoni mu 2021, kenaka n'kubwereranso pansi. Mafoni amakono, mbali inayi, amagulidwa oposa biliyoni imodzi pa chaka. Makampani omwe tinkawadziwa nawonso anachoka mmodzimmodzi. Compaq inamezedwa ndi HP mu 2002. IBM, yomwe inatulutsa IBM PC mu Ogasiti 1981, kholo la pafupifupi makompyuta onse omwe mumawaona m'maofesi, inagulitsa gawo lake la makompyuta kwa Lenovo ya ku China mu 2005. Sony inataya VAIO mu 2014, ndipo Toshiba, yomwe malaputopu ake anali mbee kuno kwathu, inagulitsa bizinesiyo kwa Sharp kuyambira 2018. Munthu woona zimenezi akanena kuti kompyuta zikutha sitingamunene kuti wapenga.

Koma funsani kuti anasiya kugulawo ndani. Ndi anthu omwe ankagula kompyuta pofuna kutumiza kalata, kumvera nyimbo, kuonera filimu ndi kucheza pa Facebook. iPhone itabwera mu 2007, ndi Android mu 2008, iwowa anapeza kuti zonsezo zikukwana m'thumba. Chifukwa chachiwiri n'choti makompyuta anasiya kukalamba msanga. M'zaka za m'ma 1990 kompyuta ya zaka zinayi inali nkhalamba yotha mano, pulogalamu yatsopano imakana kuyenda. Lero laputopu ya zaka zisanu ndi ziwiri imagwira ntchito za mu ofesi osatsokomola, ndiye mwini wake aguliranji ina? Chifukwa chachiwirichi chisungeni, pakuti ndi chomwe chikupulumutsireni ndalama.

Mukudziwa momwe kaunjika anachitira ndi makina osokera. Kale nyumba zambiri zinali ndi Singer pakona, atabwera kaunjika ambiri anasiya kusoka. Koma sizinatanthauze kuti malaya ayamba kumera m'munda. Pali wina penapake amene akupondabe makina. Foni ili ngati malaya, aliyense amavala. Kompyuta ndi makina osokera. WhatsApp yomwe amalume akugwiritsa ntchito, pulogalamu ya banki, ngakhale timauthenga ta nyenyezi ndi hashi tomwe mumatumizira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, zonsezo wina anakhala pa mpando, kiyibodi patsogolo pake, n'kuzilemba mzere ndi mzere. Wolemba mapulogalamu a mafoni a Android amagwiritsa ntchito Android Studio, yomwe imayikidwa pa kompyuta. Wolembera iPhone amafuna Xcode, yomwe imayenda pa makompyuta a Apple basi. Mwana wanu sakupempha malaya ena, akupempha kukhala telala.

Pali kusintha kwina komwe amalume sanakutchule, koma kwa ine ndiko kwakukulu, chifukwa kumakhudza mmene munthu amaphunzirira. Kompyuta zoyamba za m'nyumba, monga Apple II ya 1977, BBC Micro ya 1981, ZX Spectrum ndi Commodore 64 za 1982, ukaziyatsa sizinkakuonetsa zithunzi zoti udine. Commodore 64 inkangolemba mawu akuti READY, kachizindikiro n'kumaphethira kudikira kuti uilamule. Mkati mwake munali kale chiyankhulo cha BASIC, chomwe John Kemeny ndi Thomas Kurtz anapanga ku Dartmouth College ku America mu 1964 ndi cholinga choti ophunzira wamba, osati akatswiri a masamu okha, azitha kulamula kompyuta. Mwana wa zaka khumi ankalemba mizere iwiri:

10 PRINT "MONI"
20 GOTO 10

Akalemba RUN, mawu akuti MONI ankadzaza sikirini yonse osaleka. Pomwepo wadziwa zinthu ziwiri zomwe ndi maziko a ntchito yonseyi: makina amachita ndendende chomwe wawauza, ndipo amabwereza osatopa mpaka uwaletse. Magazini a ku Britain ndi ku America ankasindikiza magemu athunthu ngati mizere ya BASIC, mwana n'kukhala madzulo onse akukopera. Akalakwitsa kachizindikiro kamodzi gemu imakana, ndiye amayenera kusakasaka pomwe walakwitsa. Ankaganiza kuti akusewera, chonsecho akuphunzira ntchito. Ndipo makinawo anali ofooka zosaneneka. Commodore 64 inali ndi memory ya 64 KB, yomwe sikwana ngakhale kusunga chithunzi chimodzi chomwe foni yanu imajambula.

Kenaka khomo lolowera kukalamula makina lija linayamba kutsekeka. Makompyuta anakhala osavuta kugwiritsa ntchito, zomwe ndi zabwino, koma chiyankhulo cholamulira chinabisidwa kuseri. Foni yafika nazo pamapeto: inapangidwa kuti uzilandira zomwe ena akonza, uzidina, uziseweretsa chala, uzigula bandulo. Mwana angathe kukhala pa foni maola asanu ndi limodzi pa tsiku kwa zaka zisanu osadziwa kuti fayilo imasungidwa pati. Akulu amati ana a masiku ano ngodziwa zamakono. Ine amene ndawaphunzitsa ndimati ngodziwa kudina.

Vutoli analiona ngakhale ku yunivesite ya Cambridge. Eben Upton ndi anzake anazindikira kuti ofunsira maphunziro a kompyuta akuchepa, ndipo obwerawo sakudziwa zomwe a m'badwo wa BBC Micro ankadziwa pofika. Yankho lawo linali Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono ngati khadi la ku banki, komwe kanatuluka mu Febuluwale 2012 pa mtengo wa madola 35, kotchipa mwadala kuti mwana akakaononga pasakhale maliro. Chochititsa chidwi n'choti purosesa (ubongo wa makinawo) ya mtundu wa ARM, yomwe ili m'kakompyutako komanso pafupifupi mu foni iliyonse padziko, inabadwira ku Acorn, kampani yomweyo yomwe inapanga BBC Micro. Sophie Wilson ndi Steve Furber anaikonza mu 1985. Ndiye kuti foni yomwe akuti yapha kompyuta ndi mdzukulu wa kompyuta yophunzitsira ana a sukulu. Ndipo kuyambira 2020 Apple inayika mapurosesa a mtundu womwewo m'malaputopu ake. Mdzukulu wabwerera kudzakhala m'nyumba ya agogo.

Ndanena zonsezi kuti mumvetse chomwe mukugula. Simukugula mphamvu ya makina, mukugula khomo lija: kiyibodi yeniyeni, sikirini yoonetsa mizere makumi anayi nthawi imodzi, ndi ufulu woyika, kufufuta, kuononga ndi kukonza. Khomo lotere silifuna laputopu yodula.

Tsopano za kugula. M'mashopu mupeza malaputopu atsopano opyapyala, onyezimira, pa mtengo wooneka wabwino. Ambiri mwa iwo ali ndi purosesa ya Celeron, RAM (pomwe kompyuta imagwirizira zomwe ikuchita panthawiyo) ya 4 GB yomatiridwa moti simungawonjezere, ndi posungira zinthu pa 32 kapena 64 GB pa mtundu wa eMMC. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Windows yokha imadya gawo lalikulu la malowo, ndipo pakatha miyezi ingapo mwana azidzadikira mphindi zingapo kuti pulogalamu itseguke. Ndalama yomweyo, kapena yocheperapo, igula laputopu yakale ya m'maofesi: Lenovo ThinkPad, Dell Latitude, kapena HP EliteBook ndi ProBook. Amenewa anapangidwira makampani omwe amagula mazanamazana ndipo amafuna kuti akonzeke msanga. Amatseguka ndi sikuludilaiva wamba, batire ndi kiyibodi zimasinthika, ndipo okonza makompyuta m'matauni mwathu amawadziwa ngati mmene amakanika amadziwira Toyota.

Nthawi inonso ikukukomerani. Windows 11, yomwe inatuluka mu 2021, imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, yomwe ikakhala ya Intel ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena kuposa, kutanthauza makina a kuyambira cha m'ma 2018. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Zotsatira zake n'zoti makampani a ku Ulaya, America ndi South Africa akhala akutsitsa makompyuta abwinobwino chifukwa chabe cha lamulo limeneli, ndipo ena mwa makinawo ndi omwe amathera m'mashopu a zakaunjika kuno. Kwa wophunzira kulemba mapulogalamu, Core i5 ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi kapena chiwiri ikadali ndi moyo wambiri. Mukapeza ya m'badwo wachisanu ndi chitatu pa mtengo wosasiyana kwambiri, tengani imeneyo. M'badwo umaoneka pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere: i5-6300U ndi wachisanu ndi chimodzi, i5-8250U ndi wachisanu ndi chitatu. Ogulitsa ena amangoti ndi Core i7, osatchula m'badwo, chonsecho i7 ya 2011 imagonja kwa i5 ya 2018.

Zoyamba kuumirira ndi ziwiri: RAM isachepere 8 GB, ndipo posungira zinthu pakhale SSD, osati hard disk yozungulira ija. SSD ya 256 GB ndi yokwanira. Laputopu yakale ikapatsidwa SSD imakhala ngati yamwa mankhwala, imadzuka m'masekondi. Chachitatu ndi batire, ndipo kuno kwathu ndingaliyike patsogolo pa purosesa, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchito mwana amataya zomwe amalemba pamodzi ndi mtima womwe. Musamve za pakamwa. Muuzeni wogulitsa aichotse pa chaja, mukhale pomwepo theka la ola mukuona mmene batire ikutsikira. Mwana adine batani lililonse pa kiyibodi, makamaka timabulaketi, kadontho, koloni ndi zizindikiro za pamwamba pa manambala, chifukwa wolemba mapulogalamu amadya zimenezo tsiku lililonse. Onaninso mahinjesi, mabowo a USB, ndi Wi-Fi. Ndipo mufunse ngati BIOS, kapulogalamu ka mkati komwe kamadzutsa kompyuta ikayatsidwa, ilibe pasiwedi. Ndinagulapo ine laputopu ya m'maofesi pa shopu ina, yokongola ndithu, kufika kunyumba n'kupeza kuti kampani yomwe inali nayo kale inaikhoma mkati, sindikanatha kusintha chilichonse. Wogulitsayo anandiyankha kuti katundu wotuluka sabwerera. Pitani ndi munthu wodziwa, ndipo pa lisiti palembedwe masiku omwe mungabweze.

Mwanayo akadzazolowera, adzayike Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe imalowa m'malo mwa Windows, monga Ubuntu kapena Linux Mint. Ndi yaulere, imayenda mopepuka pa makina akale, ndipo ilibe nazo ntchito za TPM zija. Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, pa kompyuta yomwe lero palibe angaitole pamsewu, koma Linux ndiyo ikuyendetsa makompyuta ambiri osunga mawebusaiti, ndipo Android inamangidwa pamwamba pake. Ubuntu inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, n'chifukwa chake dzina lake likumveka ngati umunthu wathu. Sindikuti ayambe ndi zimenezi tsiku loyamba, Windows ikwanira poyambira.

Zoti makina otayidwa ndi ena angathe kugwira ntchito yaikulu tinaziona kale ku Lilongwe konkuno. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, a Baobab Health anatenga timakina totchedwa i-Opener, tomwe malonda ake anali atagwa ku America, n'kutiika masikirini odina ndi chala, n'kutisandutsa zolembera odwala pa chipatala chachikulu cha mumzindawu. Chomwe chinapatsa timakinato mtengo si zitsulo zake, koma mapulogalamu omwe anthu analemba poganizira mmene chipatala cha kuno chimayendera.

Ndinati musagule sabata ino. Chifukwa chake ndi ichi. Mwa achinyamata omwe amandiuza kuti akufuna kulemba mapulogalamu, ena amafunadi, ena amangofuna laputopu. Kusiyanitsa n'kosavuta. Ngati muli ndi foni ya Android pakhomo, ayikemo Pydroid 3, pulogalamu yomwe imalola kulemba mapulogalamu m'chiyankhulo cha Python pa foni, ndipo mumupatse masabata atatu. Kulemba pa kasikirini n'kowawa, zala zimaphonya, maso amatopa, ndipo kuwawako ndiye mayeso ake. Akadzabwera atakwiya kuti amayi, chinthuchi chikukana koma sindikuona pomwe ndalakwitsa, kenaka mawa lake n'kubwera akumwetulira kuti ndapapeza, pitani mukagule. Akasiya pa tsiku lachitatu n'kubwerera ku TikTok, mwapulumutsa mpamba wanu, ndipo mukambirane zina.

Ayambe ndi Python, ndipo akhale pomwepo miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Guido van Rossum anaitulutsa mu 1991, ndiye si fashoni ya dzulo. Imawerengeka mosavuta, imagwiritsidwa ntchito m'mabanki, mu kafukufuku, pa mawebusaiti komanso pa nzeru za makina zomwe amalume akuopazo. Polembera ayike Thonny, kapulogalamu kopepuka kopangidwa pa yunivesite ya Tartu ku Estonia kuti kathandize oyamba kumene. Kamaonetsa pulogalamu ikuyenda sitepe ndi sitepe, n'kumaona nambala zikusintha. Zonsezi n'zaulere, ndipo akatsitsa kamodzi safunanso intaneti. Malangizo onse a Python amathanso kutsitsidwa n'kuwerengedwa popanda bandulo. Izi ndikuzinena dala, chifukwa ambiri amaganiza kuti kuphunzira ndi kuonera mavidiyo a YouTube usiku wonse. Vidiyo imadya bandulo ndipo imanyenga. Ukamaonera wina akulemba umamva ngati wadziwa, monga woonera mpira amadziona ngati angagoletse. Pa ola limodzi loonera pakhale maola atatu olemba yekha.

Matenda a oyamba kumene ndi kudumphadumpha. Sabata ino Python, wamva kuti ndalama zili ku JavaScript wasamukira komweko, mnzake wamuuza za Java wasinthanso, chaka n'kutha akudziwa kulemba moni m'ziyankhulo zisanu koma osatha kumanga kanthu. Ziyankhulozi zimafanana kwambiri pansi pake. Zonse zili ndi posungira nambala kapena mawu, posankha kuti ngati chakuti chili chotere chita chakuti, pobwereza, ndi pomanga ntchito m'timagawo. Wodziwa bwino chimodzi amaphunzira chachiwiri m'masabata ochepa. Ndipo palibe angakulonjezeni kuti chiyankhulo chakuti chidzakhalapo mpaka kale. Ndinaona anzanga omwe moyo wawo wonse unali pa Flash, yomwe inkayendetsa magemu ndi mavidiyo pa intaneti, mpaka Adobe inaiyika m'manda kumapeto kwa 2020. Koma COBOL ya 1959 ikuwerengabe ndalama m'mabanki akuluakulu, ndipo C ya Dennis Ritchie ya 1972 ili mkati mwa pafupifupi chipangizo chilichonse. Omwe anapulumuka Flash itafa ndi omwe ankamvetsa chomwe akuchita, osati omwe analoweza pomwe pali mabatani.

Ntchito yake yoyamba yeniyeni isachokere m'buku. Ichokere pa geni yanu, kapena ku banki m'khonde ngati muli m'gulu. Alembe kapulogalamu kosunga mayina a mamembala, masheya omwe aliyense waponya, ngongole, chiwongoladzanja cha pamwezi, ndi zomwe aliyense adzalandire pogawana. Zikumveka zazing'ono, koma muli zonse. Adzakumana ndi membala wobweza theka la ngongole, wina wolowa pakati pa chaka, wina womwalira ngongole ili pamutu, ndi matambala otsala pogawa omwe ayenera kupita penapake. Buku silimufunsa mafunso amenewo, koma amayi a m'gulu adzamufunsa, ndipo akalakwitsa ndi K500 yokha adzamva. Akafika pofuna kuti zolembazo zisafufutike kompyuta ikathima, aphunzira za mafayilo, kenaka SQL, chiyankhulo chofunsira nkhokwe za zinthu zosungidwa, chomwe pafupifupi ofesi iliyonse yolemba ntchito anthu a makompyuta imafuna. Akafuna kuti msungichuma aziona pa foni yake, ndi pomwe alowe ku HTML ndi JavaScript. Chilichonse chibwere chifukwa chafunika.

Ndipotu khomo la READY lija silinafe, linangobisika. Pa laputopu iliyonse, akatsegula Chrome kapena Firefox n'kudina F12, papezeka malo otchedwa Console pomwe angalembe JavaScript pompo. Anthu mamiliyoni amakhala nalo pamphuno osadziwa.

Mwina mukudera nkhawa za masamu. Sipafunika masamu apamwamba poyamba, pafunika kuganiza mwadongosolo ndi kudekha. Chingerezi ndicho chofunika kwambiri kuposa mmene anthu amanenera, chifukwa kompyuta ikakana imafotokoza chifukwa chake m'Chingerezi, ndipo oyamba ambiri amaona mawu ofiira n'kutseka maso osawerenga. Mzere womaliza wa uthengawo nthawi zambiri umatchula nambala ya mzere pomwe pali vuto ndi mtundu wa vutolo. Mwana wowerenga uthenga wofiira modekha wapita kale patsogolo pa anzake theka. Aphunzirenso kutaipa ndi zala zonse osayang'ana pansi. Masabata awiri a khama amupulumutsira zaka.

Tifike pa mfundo yomaliza ya amalume, yoti makina akulemba okha mapulogalamu. Apa sindikunamizani. GitHub Copilot inatuluka mu 2021, ChatGPT mu Novembala 2022, ndipo zida zoterezi zimalembadi mapulogalamu, mwachangu, nthawi zambiri molondola. Inenso ndimazigwiritsa ntchito. Timaganyu tating'ono tomwe oyamba kumene ankadyerapo, monga kupanga tsamba losavuta la pa intaneti, tayamba kutsika mtengo, ndipo wongodziwa kukopera zomwe ena analemba ali pamavuto enieni. Koma zidazi zikalakwitsa sizichita manyazi kapena kukayika. Zimapereka yankho lolakwika ndi nkhope yomweyo yomwe zimaperekera lolondola. Pulogalamu ya banki m'khonde ingathe kuyenda bwinobwino, osaonetsa mawu ofiira, koma ikuwerengera chiwongoladzanja pa ngongole yonse m'malo mwa yotsala. Angaone zimenezo ndi yekhayo wodziwa kuwerenga mizereyo komanso wodziwa malamulo a gululo. Makinawo sanakhalepo pa mkeka tsiku logawana.

Ndipo aka si koyamba kumva kuti olemba mapulogalamu atha ntchito. COBOL yomwe ija inapangidwa kuti izimveka ngati Chingerezi wamba, ena n'kumayembekezera kuti mabwana azidzawerenga okha. Chida chilichonse chofewetsa ntchitoyi chakhala chikuchulukitsa zinthu zomwe anthu akufuna kuti zilembedwe. Sindikulonjeza kuti ulendo uno zidzayendanso chimodzimodzi, chifukwa zida za tsopanozi n'zamphamvu kuposa zonse zam'mbuyo. Chomwe ndikuona pa ntchito n'choti wodziwa bwino akapatsidwa zidazi amagwira ntchito ya anthu angapo, pomwe wosadziwa amangopanga zolakwika zambiri mofulumira.

Ndiye lamulo langa kwa mwana wanu ndi ili: miyezi yoyambayo asauze makina kuti amulembere. Alembe yekha, akakakamira ayese kaye theka la ola, ndipo akafunsa afunse kuti uthenga wofiirawu ukutanthauza chiyani, kapena kuti mzere uwu ukuchita chiyani. Akatero ali ndi mphunzitsi wosatopa amene ife sitinakhale naye. Akamangoti ndilembere, ali ngati wophunzira utelala amene amapereka nsalu kwa mnzake n'kumadzangosita.

Za sukulu, zotsatira zikatuluka bwino alembere maphunziro a kompyuta ku mayunivesite athu, monga MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo, University of Malawi ku Zomba kapena Mzuzu University. Pepala likadali ndi mphamvu kuno, makamaka m'boma ndi m'mabanki, ndipo kuli zinthu zozama zomwe n'zovuta kuphunzira wekha. Adzafika kumeneko ali patsogolo, pakuti ambiri amakalemba mzere wawo woyamba m'chaka choyamba cha digiri. Zikapanda kuyenda, njira sinatsekeke, chifukwa mu ntchito iyi munthu amatha kuonetsa chomwe wamanga. Atsegule akaunti pa GitHub, yaulere, aziyikapo ntchito zake kuti womulemba ntchito akaone ndi maso. Chenjerani ndi timasukulu tolonjeza kumusandutsa katswiri m'miyezi itatu. Funsani kuti ophunzira amalemba pulogalamu yanji pomaliza, ndipo akuonetseni. Akayamba kutchula Word, Excel ndi PowerPoint, dziwani kuti akuphunzitsa kugwiritsa ntchito kompyuta, zomwe ndi zabwino pazokha, koma si zomwe mwana wanu wapempha.

Pa ndalama yomwe mwasonkhanitsayo musathere yonse pa laputopu. Siyani ina ya kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, chifukwa chaja imapsa nthawi yomwe magetsi akubwerera, ina ya fulashi yosungirapo ntchito zake kawiri, ndi ina ya bandulo ya miyezi iwiri yoyamba. Mausi ya waya ndi yotchipa ndipo imapulumutsa dzanja.

Chomaliza n'cha pakhomo, ndipo ndikuchinena chifukwa ndachiona kangapo, makamaka mwini laputopu akakhala mtsikana. Makina akafika m'nyumba, achimwene ake amafuna mpira, ang'ono amafuna makatuni, mlendo amafuna kukopera nyimbo ndi fulashi yodzaza mavairasi, ndipo mwini wake amapatsidwa ikatsala ndi batire ya mphindi khumi, mbale atatsuka kale. Nenani pamaso pa onse tsiku loyamba kuti ichi ndi chipangizo cha ntchito cha uyu, monga mmene simungalolere ana kuseweretsa sikelo ya pa geni yanu. Mumupatse maola awiri pa tsiku omwe palibe womutuma. Ndipo kabuku kanu ka ngongole za makasitomala mumubwereke Loweruka likubwerali, ayambe kuona mmene mumalembera.